Ambulera ya Ulusi Wobiriwira

Aliyense wolowa mu linga la Adatchi kuno mu mzinda wa Galle podzera pachipata chakale amadutsa pamene pamakhala a Wimalasiri. Amayala thumba m'mbali mwa khoma n'kuikapo pulayala, waya, singano ndi mulu wa maambulera othyoka nthiti. Ntchitoyi anaiphunzira kwa malume awo, ndipo chigamba chilichonse amachisoka ndi ulusi wobiriwira, ngakhale nsalu ikhale yakuda.

Ambiri owabweretsera ntchito sathawa mvula. Pamwamba pa khoma, m'mipata momwe kale munkasuzumira mizinga, mumakhala anyamata ndi atsikana awiriawiri atayang'ana kunyanja, ambulera itawatchinga kumbuyo. Mwambo wake tonse timaudziwa: ambulera ya eni sitivundukula. Ana anga a sukulu amandifunsa chifukwa chake anthuwo amatchinga kumsana dzuwa lili kumaso. Ine ndimawauza kuti tiyeni tikaone nsanja ya wotchi.

Tsiku lina ndili ndi anawo ndinapeza a Wimalasiri pamwamba pa khoma, katundu wawo atamusiya yekha pachipata. Anandikodola n'kuloza ndi mlomo ambulera yofiirira ya chigamba chobiriwira. Inali ya Sewwandi, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene ndinamuphunzitsa ali wamng'ono. Pansi pake pankaoneka patapata wa mtsikana ndi nsapato zazikulu zachimuna.

Anandinong'oneza kuti sanakwiye ayi, koma ankafuna kumudziwa mwini nsapatozo msanga. Akazi awo anali atayamba kale kupita kwa wopenda nyenyezi, kufunira mtsikanayo mwamuna wogwirizana naye kabadwidwe potengera nthawi yobadwa. Koma bambowo akavundukula ambulerayo, mwana achita manyazi pagulu ndipo sadzawauzanso kanthu.

"Aphunzitsi, inu munawerenga. Nsapato zimenezo n'za munthu wa ntchito yanji?"

Ndinawayankha kuti buku la nsapato sindinalifike. Mayi Leelawathi, ogulitsa mango othira tsabola pafupi pomwepo, anaseka mpaka kuika mpeni pansi.

"Achimwene, zaka zonsezi mukusokera ana a eni pobisala, mumati wanuyo azikhala pamtetete?"

A Wimalasiri anatembenukira ku ambulera ija. Maso awo anali pa nthiti imodzi yomwe inkagwedera mphepo ikawomba. Anatsokomola, nayang'ana kunyanja ngati akulankhula ndi mafunde.

"Ambulera yogwedera nthiti sipirira mphepo ya kuno. Amene waigwirayo abwere nayo mawa pachipata. Abwere yekha."

Ambulera inanjenjemera, koma sinatembenuke. A Wimalasiri anatsika kubwerera ku ntchito.

M'mawa mwake ndinalambalala njira yanga ya kusukulu, mtima ukufuna kuona. Nsapato zija ndinazipeza pachipata, zitavulidwa mwaulemu pambali pa thumba. Mwini wake anali mnyamata wamtali, dzina lake Chinthaka, wophika buledi mu bekale ina ya kuseri kwa msika wa nsomba. Thukuta linali chuchuchu. A Wimalasiri sanailandire ambulerayo. Anamupatsa pulayala ndi waya kuti amange yekha, iwo akumwa tiyi n'kumamufunsa za kwawo, za makolo ake ndi nthawi imene anabadwa. Waya anamubaya chala, koma mnyamatayo sanatukwane ndipo sanasiye.

Atamaliza, nthitiyo inali yokhota. A Wimalasiri anaitsegula, naitseka, naigwedeza mwamphamvu.

"Yakhota, mwanawe, koma yagwira. Madzulo ukaipereke kunyumba kwanga, pakhomo la kumaso. Amayi ake a Sewwandi ndikhala nditalankhula nawo."

Wopenda nyenyezi ataunika kabadwidwe ka awiriwo anapeza zogwirizana zambiri kuposa zotsutsana, ndipo mayi ake a Sewwandi anavomera, ngakhale ankadandaula za kutalika kwa mkamwini. Awiriwo anakwatirana, ndipo lero ambulera ija ili pamsomali pakhonde pa Sewwandi. Nthawi zonse bambo ake akapitako amaitsegula n'kuiyang'ana nthiti yokhotayo, zala zikuwayabwa, kenako amaibwezera pamsomali osaiwongola.