Bambo M'mphepete mwa Chithunzi

Ntchito yanga ndi yojambula mavidiyo a maukwati, zinkhoswe ndi makwaya kuno ku Nkhotakota. Chaka chimene bambo anga anadwala sitiroko, msuweni wanga wa ku Joni ananditumizira kaphukusi kolemera ngati mwala wonolera mipeni. Mkati mwake munali lenzi yakale yachitsulo chokhachokha, utoto utasupuka m'mbali. Pa foni anandiuza kuti anaipeza kwa wogulitsa katundu wakale, ndipo kale inkakhala pa makina oonetsera kanema m'maholo. Dzina lake anati ndi anamofiki.

"Nanga ntchito yake n'chiyani?" ndinamufunsa.

"Imapanikiza dziko kuti likwane mu kamera. Ukafika pa kompyuta umalitambasula. Yesa, udzionere wekha."

Pa kamera yanga sinkalowa. Wowotcherera zitsulo wa pa boma anandipangira mkombero woigwirira kutsogolo kwa lenzi yanga ya masiku onse. Kuti chithunzi chiwale bwino ndinkayenera kupotokola malenzi awiri onse, ina kenako inzake, ndipo munthu akasuntha pang'ono ntchito inkayambiranso.

Oyamba kuwajambula anali amayi, akupeta mpunga pakhomo. Nditawaonetsa pa kagalasi ka kamera anadzidzimuka.

"Iwe, wandichita chiyani? Ndaonda chonchi liti? Taona, ndi lichero lomwe laonda!"

Sankanama. Chilichonse chinali chowonda ndi chachitali ngati bango. Bambo anali pakhonde pomwepo, koma sanatembenuke.

Asanadwale, bambo anali ndi khoka lawo pa gombe lina la ku Mwadzama, ndipo ndiwo ankayambitsa nyimbo anthu akamakoka. Matendawa anawapha dzanja ndi mwendo wa kumanja, n'kuwalanda mawu. Ankangoti "eya" pa chilichonse, ngakhale pofuna kukana. Khoka linapita m'manja mwa alamu anga, amuna a mlongo wanga. Bambo ankakhala pakhonde tsiku lonse akuyang'ana pansi, ife tikukambirana za iwo pamaso pawo ngati palibe.

Tsiku lina mphepo ya mwera italeka ndinaganiza zokayesa lenzi ija pokoka khoka. Amayi anati, "Atengeni bambo anu akapitidweko mphepo." Alamu anawakweza pa njinga ine ndikuwagwirira kumbuyo, ndipo tinakawakhazika pamchenga atatsamira bwato lakale lovundikira, chapatali ndithu ndi pamene panali ntchito. Kenako maganizo anga onse anapita pa kamera.

Khoka limakokedwa ndi mizere iwiri ya anthu, wina uku wina uko, ndipo imayandikirana pang'onopang'ono pamene ukonde ukufika kumtunda. Ndi lenzi wamba umasankha mzere umodzi, winawo n'kuusiya. M'mawa umenewo yonse iwiri inalowa, koma pa kagalasi kaja anthu anali ngati timitengo ta machesi. Dzuwa linkandithobwa m'maso, thukuta lili kamukamu, ndipo sindinkadziwa ngati ndikujambula chinthu chooneka. Ndinangoisiya kamera pa miyendo yake kuti igwire yokha mpaka usipa unayamba kuphiriphitha pamchenga.

Masana ndinatseka makatani pabalaza, n'kuika vidiyo ija pa laputopu. Amayi ndi mlongo wanga anakhala pambali panga. Kenako ndinadina kuti chithunzi chitambasuke.

Gombe limene ndinakulirapo linali pamenepo lonse, kuyambira ku mabango mpaka ku miyala. Mizere iwiri ija inkawerama ndi kuweramuka nthawi imodzi ngati munthu mmodzi, ndipo pakati pake timitengo toyandama ta khoka tinapanga uta waukulu pamadzi. Pamene dzuwa linamenya funde, mzere wa kuwala wobiriwira ngati thambo unadutsa chithunzi chonse chopingasa, woongoka ngati chingwe chokungika. Madontho ogwa pa zingwe ankasanduka timazira ta kuwala. Ndajambula nyanjayi kambirimbiri, koma sindinaionepo yotakasuka chotero.

"Imitsa kaye," anatero mlongo wanga. "Bweza m'mbuyo. Ayi, usayang'ane khoka. Kuno, kumapeto."

Analoza m'mphepete mwenimweni mwa chithunzi, kumanzere. Panali bwato lovundikira lija, ndi bambo. Sindinadziwe n'komwe kuti analowa. Lenzi yanga ya masiku onse ikanawasiya kunja. Sankayang'ana pansi. Msana unali woongoka, dzanja lawo lamoyo likukoka chingwe chosaoneka, kulandizana bwinobwino ndi anthu a m'mizere. Ndipo milomo yawo inkayenda.

"Akutafuna kapena?" ndinafunsa.

"Akuimba," anatero amayi motsitsa mawu. "Taonani pakamwapo. Akuimba amenewa."

Maikolofoni inangotola mphepo ndi mawu a okoka aja. Tinabweza kangapo. Amayi anayandikitsa nkhope pa galasi mpaka mpweya wawo unalichititsa nkhungu. Kenako anaimirira, n'kunyamula laputopu ndi manja awiri ngati beseni lodzaza madzi, ulendo wa pakhonde.

Anagwada pafupi ndi mpando wa bambo. "Bambo ake, tamverani izi."

Ndinakweza mawu. Phokoso la mafunde linamveka, kenako anthu akuvomera nyimbo. Bambo anadzutsa mutu. Anayang'anitsitsa gombe lija nthawi yaitali, maso akuyenda kuchoka mbali ina kupita ina. Pamene okoka anamaliza kuvomera, pa mpata uja woyambitsa amalowerapo, bambo analowa. Mawu anali osasa, koma liwu lililonse linkamveka: nyimbo yawo yomwe ija youza chingwe kuti chibwere kumudzi. Munthu amene sankatha kutchula dzina la mkazi wake anaimba ndime yathunthu osaphonya.

Mlongo wanga anakhala pansi pa simenti, chitenje chili kukamwa. Nyimbo itatha amayi anawafunsa, "Mwadziona?" Bambo anayesa kuyankha, pakamwa panagwedezeka, koma chinatuluka ndi "eya" yemwe uja. Ndiye analoza laputopu ndi chala kuti tibwerezenso.

Titapita nawo kuchipatala kuti akawaonenso, a dokotala anati zimenezi zimachitika ndithu, kuti ena otaya mawu amathabe kuimba. Ndinamva, koma kudabwa kwanga sikunachepe.

Kulankhula sikunabwerere kwenikweni. Koma amayi anayamba kumaimba nawo nyimbo za kutchalitchi akamasenda chinangwa, ndipo bambo ankatsatira mpaka ndime zimene amayi anaiwala. Ifenso tinasiya kukambirana za iwo ngati palibe. Tinkawafunsa iwo eni, n'kudikira.

Nyanja ikakhala bata alamu ankabwera ndi njinga m'mamawa. Sitinkawakhazikanso patali. Tinkawaika pakati pa mizere iwiri, pamene madzi amafika n'kubwerera. Tsiku loyamba anthu anagwira zingwe, mapazi atazika mumchenga, koma palibe anakoka. Alamu anavula chipewa n'kuti, "Bambo, tikudikira inu."

Bambo anakoka mpweya, n'kuyambitsa.