Kankhuku Kosungitsa ka Lusungu

Ndikukumbukira chaka chimene msuweni wanga Lusungu anandisiyira kankhuku kopanda nthenga, ndipo mpaka lero ndikaganiza ndimapsabe mtima.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ife tikukhala ku Magodi. Lusungu anali mwana wa amalume, amene anachoka ku Lusaka kudzagwira ntchito pa boma la Lundazi. Tsiku lina Lusungu anabwera kwathu ndi kachidole kapulasitiki kooneka ngati dzira, kokhala ndi kagalasi ndi mabatani atatu. M'kagalasimo munkadumphadumpha kanthu kakuda kamene iye ankati ndi nkhuku. Kankafuna kudyetsedwa, kuseweretsedwa ndi kuchotseredwa zitosi, zonsezi podina mabatani. Ukakanyalanyaza kankadwala, kenako n'kufa. Kusukulu yake yogonera komweko ankalanda zoterezi, choncho anati ndimusungire mpaka adzatsekere.

Tsoka lake anandipatsa adada akuona. Bambo angawo anali munthu wa ng'ombe, ndipo m'khola mwathu munalinso zosungitsa za anthu ena. Kwa iwo chiweto cha mwini sichinali nkhani ya masewera. Anakatembenuza, anakaika kukhutu, n'kufunsa ngati kamadya. Lusungu atavomera, mlandu unathera pomwepo: ndi chiweto, ndipo woweta ndi ine.

Abale inu, ndinawetapo mbuzi, koma sizinandizunze chonchi. Kankalira tswii tswii ndili pamjigo, ndowa ili pamutu. Kanalira m'tchalitchi pemphero lili mkati, amama n'kunditsina pantchafu osatsegula n'komwe maso. Kusukulu ndinkakabisa m'thumba la yunifolomu n'kumapempha kupita kuchimbudzi kuti ndikakadyetse, mpaka aphunzitsi anatumiza uthenga kunyumba kuti mwanayu ali ndi njoka za m'mimba. Ndinamwa mankhwala owawa ndisakudwala. Nkhuku zathu zenizeni zinkadzipalasira zokha kuseri kwa nkhokwe, koma aka, kosaikira ngakhale dzira, kankafuna wantchito. Ndinkadana nako ndi mtima wonse, komabe ndinkaopa kuti kangafere m'manja mwanga.

Kanafa nthawi yokumba mtedza. Amama anakana kuti ndipite nako kumunda, poti kakangolira ndinkataya khasu. Ndinakasomeka kudenga la khitchini. Tinaweruka dzuwa litapendeka, manja akununkha dothi, msana ukuwawa. M'kagalasi munangotsala kamtanda.

Adada sanandimenye, ndipo bola akanandimenya. Anati chiweto chosungitsa chikafa, woweta amapita yekha kukanena atanyamula chikopa, kuti mwiniwake aone ndi maso. Lusungu atatsekera sukulu, adadawo anakakulunga m'mpango, n'kundikweza panjinga, ulendo wa ku boma. Njira yonse ndinkameza fumbi ndi misozi, ndikuyeserera mawu opepesa.

Titafika, adada anavula chipewa n'kupatsana moni wautali ndi amalume. Kenako ine ndinagwada n'kumasula mpango uja.

"Kafa? Iwe Suzyo, ndiye vamene ulilila ivi?" anatero Lusungu akuseka. "Bweletsa kuno."

Anazula pini m'tsitsi mwake n'kubaya kabowo kuseri kwa chidolecho. M'kagalasi munaoneka dzira latsopano, ndipo posakhalitsa linaswa, kankhuku kena n'kuyamba kudumpha.

"Ine kananifela kambili," anatero. "Umacita cabe so."

Kutsinidwa konse kuja, mankhwala a njoka, manyazi a panjinga, zonse zinali za pini! Analephera chiyani kundiuza tsiku loyamba lomwe? Ndinayang'ana adada, ndikudikira kuti amukalipire. Iwo anasuzumira m'kagalasi nthawi yaitali, n'kutembenukira kwa amalume.

"Alamu, ngati caswa cina, ndiye kuti mwanayu anaweta bwino. Asungenso temu ikubwelayi."

Amalume anavomera, nati yewo. Ndinabwerera nako ku Magodi kakulira m'mpango.

Masiku ano ana safunikanso kubisa tizidole m'thumba, zonse zili pafoni. Ineyo ndili ndi katsamba ka pa intaneti kamene ndinapanga mongosangalala, pamene anthu amasankhira ziweto zawo za pakompyuta mtundu, makutu ndi tizipewa. Pamenepo palibe chimene chimafa, ndinakonza dala choncho. Koma kachipewa kakangopendekeka, Loweruka m'mawa mauthenga amagwa ngati matalala: konzani msanga, mphaka wanga sakuoneka bwino. Ndimalumbira kuti lero lokha nditseka zonsezi, kenako ndimapezeka ndayatsa kompyuta tiyi akuzizira. Adada anatisiya kalekale, palibenso wondikakamiza, koma ine ndikuwetabe za eni ake.