Dzanja la a Sellah

Mukafunsa m'malaini a pa esiteti ija ya kufupi ndi Luchenza kuti kwa a Sellah ndi kuti, akulozerani nyumba yakumapeto, ya mpapaya pakhomo. Mukukhala wina tsopano, kungoti anthu sanazolowere.

A Sellah anabadwira m'malaini momwemo. Mayi awo ankatchola tiyi, iwonso dengu linawakwera kumsana asanakhwime n'komwe. Munda analibe. Kuno ku Thyolo nthaka yabwino inapita ndi tiyi kalekale, ndiye kwawo kunali m'nyumba ya kampaniyo, mmene munkagonanso amuna awo a Yesaya, amene msana unawathera podulira tiyi. Lamulo lake aliyense amalidziwa: ntchito ikatha, ubweze makiyi.

Koma kutchola kokha, eee, mayi amenewa ankatchola! Manja onse awiri, masamba awiri ndi kansonga, kuponya kumsana osayang'ana. Ankatha kukangana ndi mnzawo nkhani ya kutchalitchi mpaka thovu kukamwa, manja akugwira ntchito okha.

Amati chakudza sichiyimba ng'oma, koma ichi chinabwera chikulira ngati njinga yamoto. Makina otcholera tiyi, oyendera petulo, onyamula anthu awiri, wina mbali iyi ya mzere wina mbali inayo, chithumba chikukokeka pambuyo. A manijala atsopano anati tiyi wagwa mtengo kumsika. Kapitawo, a Cuthbert, sanazungulire: odziwa makina atsala, enawo zikomo kwambiri.

A Sellah anawaphatikiza ndi Lestina, mayi wachitsikana wa nyumba yoyandikana nayo.

"Amayi, nkhani ndi imodzi basi," anatero Lestina. "Manja onse pa chogwirira, maso kutsogolo. Makina akasiya tsamba, lisiyeni, si lanu."

"Ndamva, mwanawe. Ukundiyesa khanda?"

Kunyumba ankayeserera ndi mpini wa khasu, kuzungulira pabwalo manja ali gwa, a Yesaya akuseka pamphasa mpaka kutsokomola. Iwo ankaseka nawo, koma mumtima munali mantha okhaokha. Munthu wosatha kuyenda yekha ukamugoneka kuti?

Tsiku loyesedwa kunacha ndi nkhungu. A Cuthbert ndi a manijala anaima m'mbali mwa munda. Mzere woyamba unayenda bwino, mpaka Lestina anamwetulira. Ali pakati pa wachiwiri, makina anadumpha kansonga kamodzi, kanthete, kobiriwira bwino, kali njo pamwamba. A Sellah sanaganize kanthu. Dzanja lamanja linangochoka lokha, tho! n'kuponya kumsana kopanda dengu.

Makina anapendekeka. Mipeni inalowa m'nthambi n'kukumba chidzenje pamwamba pa tiyi, pamene pamayenera kukhala posalala ngati tebulo. Lestina anakuwa nalumphira kumbali, chitenje chitang'ambika pantchafu.

A Sellah anagwada m'matope momwemo.

"Bambo, ndipatseni mpata wina. Ndili ndi odwala kunyumba."

A Cuthbert anayang'ana pansi. Anakulira limodzi m'malaini anthuwa.

"Mayi Sellah, nditani ine? Abwana aona okha. Mukanamudula mwendo mnzanuyu, bwenzi tikunena chiyani?"

Madzi akatayika sawoleka. Zinawapweteka koopsa, makamaka poti panalibe womukwiyira. Wowachotsa ntchito anali pamkono pawo pomwe, dzanja lomwelo limene linawadyetsa moyo wawo wonse.

Mwezi utatha anabweza makiyi. A Yesaya anatsogola pa kabaza atawamangirira ndi chitenje kwa woyendetsa kuti asagwe, ulendo wa ku Luchenza, kukakhala m'kakhitchini ka msuweni wawo amene ananeneratu kuti n'kongoyembekezera, mvula ikayamba aone kwina. A Sellah anatsatira wapansi, mtolo pamutu. Lestina, amene anali atampezera kale mnzake wina wogwira naye makina, anawaperekeza atanyamula ndowa ndi mphasa.

Njira yotulukira imadutsa pakati pa tiyi, masamba akukhudza m'chiuno. Kutsidya makina ankalira. Ali pakati pa mundawo, Lestina anaima.

"Amayi, alonda akuonani. Anena kuti mukuba."

A Sellah anayang'ana. M'dzanja munali mutadzaza, masamba awiri ndi kansonga, osankhidwa bwino, ndipo ena anali mbwee m'njira monse mmene anadutsa. Misozi inatsika osaipukuta.

"Ndikudziwa, mwanawe. Ndaliuza kuti ntchito inatha, koma silikumva."