Pepala Lomwe Mayi Bwinobwino Anakana Kusaina

Inali cha m'ma seveni m'mawa, kunja kuli mvumbi, pamene Mayi Bwinobwino anagogoda pakhomo panga atanyowa mpaka m'masokosi. Anatulutsa pepala lomwe analikulunga m'jumbo n'kulibisa m'kati mwa juzi, nandipempha kuti ndiwawerengere mokweza ngati mmene ndimawerengera mawu kutchalitchi. Ine si munthu wotengeka, ndipo onse amene ndinawaphunzitsa sukulu angachitire umboni. Koma za m'mawa umenewo sindidzaziiwala. Akomiti ya kalata ya parishi atandipempha kulemba za moyo wa mayiwa, omwe tawaika m'manda mwezi watha, sindinadikire kuti andipemphe kachiwiri.

Anabadwa oyamba m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo awo anali mlonda, mayi awo ankachapira anthu zovala. Sukulu anaisiyira m'kalasi yachinayi mayi awo atafa ziwalo mbali imodzi, moti ali ndi zaka khumi ndi chimodzi anali atadziwa kale kunyamula munthu wamkulu osamupweteka. Kuwerenga kunkawavuta, koma mapemphero ndi nyimbo anali nazo pamtima. Anakwatiwa ndi kalipentala wanthabwala, yemwe anakhoma mabenchi akumbuyo m'tchalitchi mwathu, koma iye anatisiya ana awo atatu akadali aang'ono. Mayiwa sanakwatiwenso. Analowa ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo anakhalako zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. M'zaka zonsezo ku Misa ya m'mawa ankabwera atavala kale yunifolomu.

Dzina loti Bwinobwino analipezera kuntchito komweko. Pomutsitsa munthu pabedi, pomulowetsa mkono m'malaya, pomumeta ndevu, mawu awo anali omwewo: "Bwinobwino, bambo, bwinobwino." Ine ndinawadziwa chifukwa cha mkazi wanga, amene anagona m'chipinda chakumapeto kwa khonde zaka zitatu zomaliza za moyo wake. Za iye sindilemba zambiri pano. Ndingonena kuti m'zaka zitatuzo sanatuluke chilonda kumsana ngakhale chimodzi, ndipo odziwa ntchito imeneyi amvetsa chimene ndikunena.

Wodwala amene sadzuka amayenera kutembenuzidwa maola awiri aliwonse, ndipo kumiyendo kwa bedi kumapachikidwa pepala lomwe wotembenuzayo amasainapo. Ntchito ikachuluka, ena ankasaina mizere yonse kamodzi poweruka. Iwo ayi. Akalephera kumutembenuza munthu pa nthawi yake, mzerewo ankausiya wopanda kanthu, n'kulola kukalipiridwa. Ankati, "Kusaina n'kulumbira, kungoti Baibulo suliona." Mnzawo wapantchito, amene onse ankamutcha Wailesi chifukwa chosatseka pakamwa, ankawaseka kuti akadzafika kumwamba adzamuuza Petulo Woyera awawerengere kaye buku lonse asanalowe.

Mwini nyumbayo atamwalira, ntchito inatsala m'manja mwa mwana wake wamwamuna. Sanali munthu woipa mtima, koma anali wophweketsa zinthu, ndipo mitengo ya chilichonse inali itakwera. Kumapeto kwa mwezi wina antchito onse khumi ndi awiri anapeza malipiro awo atadulidwa, popanda msonkhano, popanda kalata, popanda ngakhale pepani. Wailesi atakafunsa, bwanayo anayankha kuti zinthu zavuta, n'kuwonjezera kuti atengere chitsanzo kwa Mayi Bwinobwino, munthu wopemphera, amene sanadandaule mpang'ono pomwe.

Mawu amenewo anawalekanitsa mayiwa ndi anzawo. Atatu anayamba kufunafuna ntchito kwina. Ena anati onse anyanyale, koma iwo anakana, nati okalamba ogona pabediwo sanadule malipiro a munthu. Apo m'pamene Wailesi anawaponyera mawu kuchipinda chochapira kuti akuwagulitsa ndi kolona wawoyo. Anandiuza pambuyo pake kuti m'moyo wawo wonse palibe mawu anawapweteka ngati amenewo, chifukwa anaona kuti kufatsa kwawo kwasanduka ndodo yomenyera anzawo.

Patatha milungu iwiri bwanayo anabwera ndi pepala loti onse asaine, kuyambira iwo monga wamkulu, ndipo anati wokana akafune ntchito kwina. Iwo anapempha kuti akaligonere. Nthawiyo anali atatsala ndi zaka ziwiri kuti apume, ankakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ndipo pa msinkhu wawo panalibe wina akanawalemba ntchito.

Ndilo pepala lomwe anabwera nalo kwa ine m'mvumbi muja. Linkanena kuti antchito anauzidwa za kudulako mwezi wathunthu chisanachitike, ndipo anavomera mwa kufuna kwawo. Anandipempha ndibwereze, ndipo ndinabwereza.

"Aphunzitsi, pamenepo palembedwa kuti anatiuza?"

"Palembedwa choncho, mayi."

"Ndiye kuti akufuna ndilumbire bodza."

Ndivomere kuti ndinayamba ndi kuwalangiza zamantha. Ndinawakumbutsa za msinkhu wawo ndi za lendi. Anayankha kuti mwana uja akanabwera n'kupempha mwachilungamo, mwina akanamumvera chisoni, koma dzanja lawo silingaikidwe pa chinthu chomwe sichinachitike. Ndinachita manyazi, ndipo ndinawauza zomwe ndinkadziwa: kuti malipiro ndi pangano la anthu awiri, wolemba ntchito sangalisinthe yekha osamuuza mnzakeyo ndi kumva maganizo ake, komanso kuti kuli ofesi ya zantchito kumene wantchito angakadandaule. Nkhope yawo inawala ngati ya munthu amene wauzidwa kuti ali ndi m'bale wake yemwe sankamudziwa.

"Lamulo lotere lilipo, ine n'kumangokhala? Aphunzitsi, tengani cholembera."

Tiyi amene ndinawapangira anazizira patebulo. Tinalemba dandaulo, iwo akunena, ine ndikuongola. M'mawa womwewo anakabweza pepala lija kwa bwanayo pamaso pa anzawo onse, ndi manja awiri monga mwa ulemu wawo, losasainidwa. Wailesi akuti anayang'ana kumbuyo n'kuona kuti onse apinda manja. Palibe ndi mmodzi yemwe anasaina.

Bwanayo anawaimitsa ntchito tsiku lomwelo. Koma mawa lake nthawi ya alendo itakwana, anatulukira pageti atavala zovala za Lamlungu, nalembetsa dzina m'buku la alendo. Kunali mkulu wina wosaona amene sankalandira supuni m'manja mwa wina aliyense kupatula mayiwa, ndipo iwo anati iyeyo sangagone ndi njala chifukwa cha mlandu wa eni. Anachita zimenezo masiku onse mpaka tsiku la mlandu. Bwanayo ankangowayang'anira pawindo, pakuti mlendo sathamangitsidwa.

Tsiku lokamva nkhani kuofesi ya zantchito tinapita anthu anayi okha, mmodzi mwa ife ali Wailesi, chifukwa mayiwa analamula kuti ena onse atsale ndi odwala. Wotimvera anali mayi wachitsikana wamagalasi. Atafunsa za pangano la ntchito, Mayi Bwinobwino anatsegula chitini cha mabisiketi momwe munali pepala lililonse lomwe analandira chilowereni ntchito. Bwanayo anati antchito anawauza pakamwa, ndipo anati mayiwa sanawaimitse chifukwa chokana kusaina, koma chifukwa cha ulesi. Monga umboni anatulutsa mulu wa mapepala otembenuzira odwala aja, nalozera mizere yopanda kanthu. Anzawo onse, anatero, alibe mzere wotere ngakhale umodzi.

Wa magalasi uja anasankha mzere umodzi n'kufunsa chomwe chinachitika. Mayi Bwinobwino anayankha kuti tsiku limenelo agogo ena anagwa kubafa, ndipo anakhala nawo pansi mpaka dokotala atafika. Anasankha wina, ndipo anayankhanso. Kenaka anafunsa Wailesi ngati iye sanaphonyeko n'kamodzi komwe pa zaka zonsezi. Wailesi anayang'ana kudenga, nati ngati n'kulapa alapire pomwepo: ankaphonya ndithu, kungoti cholembera chake chinali chachangu kuposa miyendo. Chipinda chonse chinaseka, ngakhale bwanayo anaweramitsa mutu.

Wa magalasi anavula magalasi akewo, nati munthu amene amalola kudzisiyira umboni womutsutsa m'malo mosaina bodza, akanena kuti sanauzidwe, iye akumukhulupirira. Anagamula kuti malipiro abwerere mwakale, zomwe zinadulidwa zibwezedwe kwa onse khumi ndi awiri, mayiwa abwerere pantchito, ndipo ngati nyumbayo ili pamavuto, bwanayo akhale pansi ndi antchito ake agwirizane polemba.

Zomwe zinachitika panja sindingazikongoletse. Wailesi anayambitsa nyimbo yakwaya pakati pa msewu, wapanjinga wina anaima n'kuvomereza osadziwa n'komwe nkhani yake, ndipo ine, munthu wa zaka zanga, ndinapezeka ndikuomba m'manja. Chipewa changa ndinachiiwala pabenchi ya muofesimo. Wailesi anawakumbatira mayiwa, napepesa za mawu a kolona aja, iwo n'kumuuza kuti asiye kuwapanikiza nthiti. Kenaka Mayi Bwinobwino anabwerera kukamupatsa moni bwanayo, namuuza kuti akudziwa malo angapo pomwe sopo ndi magetsi zikuwonongeka, ndipo mawa amuonetsa.

Anagwira zaka ziwiri zotsalazo, napuma mwaulemu. Atapuma ankakhala pabenchi ya kuseri kwa tchalitchi Misa ikatha, ndipo atsikana ogwira ntchito m'nyumba za anthu ankabwera ndi mapepala awo. Iwo ankandiitana kuti ndiwerenge, kenaka n'kufunsa funso limodzi: zolembedwazo zinachitikadi? Sankaphunzitsa aliyense ndewu. Ankangoti Mulungu amakonda ofatsa, koma sanalamule wofatsa kuti achitire bodza umboni.

Chaka chatha miyendo inawakana, ndipo ana awo anawapititsa kunyumba yomwe ija. Atatu aja amene ankafuna kuchoka anali akadali komweko, pamodzi ndi Wailesi, tsitsi litayera. Ndi iwowo anawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza miyezi isanu ndi iwiri, akulimbirana kuti lero chipinda chimenecho n'cha ndani. Anatisiya Lachiwiri masana, atalandira masakramenti, dzuwa likulowa pawindo, ana awo ali pomwepo. Ine ndinali pampando wa pakhomo. Anapuma katatu motalikitsa, ndipo kachinayi sanapumenso.

Wailesi anawatseka maso, nawongola nsalu, ndipo tinapemphera. Tisanafike pa ameni belu linalira m'chipinda choyandikana, momwe munali mkulu wina wofuna kuperekezedwa kuchimbudzi. Wailesi anapukuta nkhope ndi kuseri kwa dzanja, anasamba pasinki, namanga epuloni yake.

"Ndikubwera, bambo, musadzuke nokha," anatero, akutuluka.