Matabwa Anafika, Abambo Sanafike

Bulangete limene ndinkafunda ndili mwana silinali lopangira anthu. Linali lotuwa, lokhuthala, losokedwa mizeremizere, ndipo ntchito yake inali kukulungira matebulo kuti asakandike pa lole. Ngakhale amayi alichape kangati, linkanunkhabe polishi. M'chisanu cha kwathu ku Lobi, pamene madzi a mumtsuko ankapweteka mano m'mawa, anzanga ankafunda zitenje ndi masaka, ine ndikutuluka thukuta.

Anabwera nalo ndi abambo. Ankagwira ntchito ku Lilongwe, m'shopu yogulitsa mipando ya anthu olemera: masofa achikopa, matebulo agalasi, mabedi oti banja lathu lonse likanagonapo malo n'kutsala. Iwo ankapukuta katunduyo, kumunyamula atavala magolovesi, ndi kuonetsa ogula. Kwathu ankabwera kumapeto kwa mwezi, kugona kamodzi, n'kubwerera.

Zabwino za ntchitoyo sindingazibise. Nyumba yathu inali yamalata. Feteleza ankafika mvula isanagwe. Makope sankandithera, ndipo aphunzitsi ankakonda kunena kuti, "Uyu akapitiriza chonchi tidzamuona ku sekondale." Koma ndinkaonanso miyendo ya abambo. Mapazi ankakhala otupa, mitsempha itatuluka ngati mizu ya pamtsetse. Tsiku lina ndinawafunsa kuti sofa imamveka bwanji ukakhalapo. Anaseka.

"Ukafunse amene amagula, mwana wanga. Ife m'menemo sitikhala pansi. Ukangotsamira, abwana amati ukudetsa katundu."

Ndinkayesa akundiseleula. Shopu yodzaza mipando, munthu n'kuima tsiku lonse?

Kwathu mwamuna amakhala kwawo kwa mkazi. Malo amene tinamangapo anali a agogo, amayi awo a amayi, ndipo abambo anali mkamwini pamudzipo. Woyang'anira mbumba yonse anali amalume, ndipo ntchito ya abamboyo sinkawakomera. Akakumana ankagwira dzanja la abambo n'kulitembenuza.

"Taonani anthuni! Alamu, dzanja ili likulidziwa khasu? Lofewa ngati la bambo mfumu a ku Kasina."

"Khasu mukulidziwa ndinu, alamu. Ine ndikudziwa feteleza amene ali m'munda mwanumo."

Ankaseka onse awiri, koma oyamba kusiya ankakhala amalume.

Agogo anamwalira chisanu china, chimanga titangolowetsa m'nkhokwe. Uthenga unapita ku Lilongwe ndipo tinadikira. M'mawa mwake lole ya shopu, imene inkapita ku Blantyre, inaima pamphambano ya kumsewu waukulu n'kutsitsa matabwa ndi shuga. Anakazitenga pa ngolo. Matabwawo anali a mabokosi amene mipando imabweramo kuchokera kunja, oyera, osalala, olembedwa zilembo zakuda. Dalaivala anasiya mawu akuti abwana akana. Sabata imeneyo shopu inkalowetsa katundu m'hotela yatsopano. Lamulo lawo linkati wantchito apite kumaliro a kholo lake, a mkazi wake kapena a mwana wake. Apongozi m'lamulomo munalibe, ndipo wochoka popanda chilolezo asabwererenso.

Amalume anawayang'ana matabwa aja nthawi yaitali. Sakanawakana, chifukwa ena panalibe. Anangouza mmisiri kuti zilembozo azilozetse mkati. Bokosi linatuluka lokongola moti anthu ankanong'onezana. A mumphakati wathu wa kutchalitchi anaimba, akamwini ena a pamudzi anawaza nkhuni, kuyala mabenchi, kulandira alendo. Amayi anakhala pamphasa m'nyumba ya maliro, ndipo aliyense wodzapepesa ankafunsa kuti, "Nanga abambo akunyumba afika?" Iwo ankangopukusa mutu.

Chaka chatha ndinaika mwamuna wanga m'manda, ndiye tsopano ndikudziwa. Ukakhala pamphasa paja bokosi suliona. Umaona pakhomo, amene walowa ndi amene sanalowe. Nditakula ndinkawada amalume chifukwa cha nkhani imeneyi, koma panopa ndinasiya. Ndalerakonso ana ndekha miyezi imeneyi, ndadziwa kuwawa kwa thumba limodzi la feteleza, ndiye abambonso sindiwadzudzula.

Abambo anafika Lamlungu, dothi la pamanda litauma kale. Amalume anaitana akuluakulu a banja pakhonde la agogo. Ana anatithamangitsa, koma mawu a amalume sankafuna kuti munthu akhale pafupi.

"Alamu, ife mlongo wathu tinampereka kwa munthu, osati kwa shopu. Mawa akafa iyeyu mudzatumizanso matabwa?"

Abambo anayamba kufotokoza za lamulo lija, motsitsa mawu, chipewa chili pabondo.

"Lamulo limenelo likakupatseni mkazi. Ngati mukukhala muno, khalani ngati anzanu. Apo ayi, zulani malata anuwo muzipita."

"Achimwene, nanga anawa?" anatero amayi.

"Anawa atani? Ifeyo tinakula ndi shopu?"

Abambo anakwera basi tsiku lomwelo, ndipo masiku otsatirawo amayi ankatidyetsa osalankhula. Mng'ono wanga anafunsa ngati abambo adzabweranso, n'kulandira khofi losayembekezera. Ine sindinafunse.

Mwezi utatha abambo anabwera ndi sutikesi, mbaula, poto ndi mphasa yokulunga, zonse za m'kachipinda kamene ankachita lendi. Akuti atanena zosiya ntchito abwana anadabwa kwambiri, nati ntchito ngati imeneyo anthu amaiimira mzere pageti. Sananame. Abambo asanatuluke, wina anali atavala kale magolovesi awo.

Zimene zinatsatira ndi zachidule. Mapazi aja anaphwa. M'manja munatuluka matuza, kenako munalimba, ndipo amalume sanalitembenuzenso dzanja lija. Abambo anakhala nafe mpaka ukalamba wawo osaphonya maliro aliwonse a pamudzi. Feteleza anayamba kuchepa, nkhokwe n'kumatha Khirisimasi isanafike. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, n'kuyamba ganyu m'madimba a mbatatesi. Aphunzitsi anabwera kunyumba kamodzi, anacheza ndi amayi pakhonde, n'kupita.

Koma tsiku limene abambo anatsika basi zonsezi ndinali ndisanazione. Ndinali nditangoweruka kusukulu. Nditamva kuti sadzapitanso ku tauni ndinavina pabwalo, ndinathamanga nyumba ndi nyumba kukauza anzanga. Ndinkaona ngati tapambana. Pobwerera ndinapeza amayi ataima pakhomo, sutikesi ili pamapazi awo, akuyang'ana kunyumba kwa amalume.

"Amayi, simukusangalala?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pansi.

"Vula nsapatozo. Kuyambira lero uzivala Lamlungu lokha."

Ndinavula ndikudabwa, chifukwa zinali zisanang'ambike paliponse.