Ufa Wanga M'mbale ya a Deputadu

Munthu ndikufuna kumunenayu ndinamudziwa asanamere chimimba. Anali mphunzitsi pasukulu ya m'bairo mwathu, dera limene timakhala ku Moatize, wowonda, wa nsapato zimodzimodzi, ndipo tonse tinkamutchula kuti aporofesori. Iye ndi mwamuna wanga anakulira limodzi kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, n'kubwerera limodzi ku Zóbuè nkhondo itatha. Ine ankanditchula alamu, ndipo pakhomo panga sankaodira. Lero ndi deputadu, phungu m'nyumba ya malamulo ya chigawo chathu cha Tete. Walowamo katatu. Ndikamva mawu ake pawailesi ndimazimitsa, chifukwa ndimaopa kuti ndiiswa.

Pamene ndinkakwatiwa, mgodi wa malasha unali kutali, tinkangomva kugunda kwake. Kenako unayamba kutiyandikira chaka ndi chaka mpaka chimulu cha dothi lakuda chinaima kuseri kwa nyumba zathu. Akaphulitsa miyala masana makoma ankanjenjemera, ndipo pambuyo pake fumbi linkatsika mwakachetechete. Ine ndine mwana wa ku Zóbuè, kumene mkazi amamudziwira pa kuyera kwa ufa wake. Ndinkakonola, kuviika mphale, kugayitsa, n'kuyanika pamphasa monga anandiphunzitsira amayi. Pofika madzulo ufa uja unkakhala ngati ndausakaniza ndi phulusa. Kusefa sikunkathandiza. Tinkadya womwewo, mchenga ukumveka m'mano.

Za ufa ndikanapirira. Chimene sindinapirire ndi chifuwa cha mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene Mulungu anandisiyira. Anayamba kubanika asanathe n'kuyankhula komwe. Akagona, m'chifuwa mwake munkalira ngati kamwana ka mphaka. Akuyandikira zaka zinayi, namwino wina kuchipatala sanandibisire. Anati, "Mayi, mankhwala ndikupatsani, koma mwanayu akudwala mpweya wa kwanu. Mupezereni kwina kokhala."

Chaka chomwecho chipani chinasankha aporofesori kuti aime nawo pachisankho. Anabwera pakhomo, anatapa ufa pamphasa yanga, n'kuuthira m'mbale yachitsulo. Pamsonkhano wa pabwalo la mpira anaikweza m'mwamba kuti aliyense aone. "Uwu ndi ufa wa alamu anga," anatero. "Ndani pano angadyetse mwana wake zimenezi? Ndikalowa, ndikauika patebulo pamaso pa akuluakulu, ndipo bairo lino lisamutsidwa kupita kumene kuli mpweya." Ndinalulutira mpaka mawu anasasa. Ndinavina nsalu ya kapulana yachipani ili m'chiuno, ine mkazi amene ngakhale pa ukwati wanga sindinavine. Tinavota, iye analowa.

Pasanapite nthawi kunabweradi anthu ndi utoto wofiira, n'kulemba manambala pamakoma athu. Anati nyumba iliyonse yokhala ndi nambala idzapatsidwa ina kumalo atsopano, koma imene adzaipeze yotseka, yopanda munthu, adzaifufuta. Tinaona ngati zatheka. Koma chifuwa cha mwana sichikanadikira amisiri, ndiye ndinakwera naye shapa, minibasi ya kwathu kuno, kupita ku Zóbuè kwa mkulu wanga. Anali ndi zaka zinayi.

"Miyezi yochepa chabe, achemwali," ndinatero. "Akangotipatsa nyumba yatsopano ndidzamutenga."

"Msiye, ndi mwana wanganso," anayankha mkulu wanga. Ndinachoka mwanayo akusewera kuseri ndi ana a pakhomopo, kuti asandione.

Anthu ena, amene pakamwa pawo sipatopa, amandifunsa kuti bwanji sindinangokhala naye komweko. Ndikanalima munda wa yani? Mkulu wanga ali ndi ana ake asanu pa kadimba kamodzi ka mbatata. Mwamuna wanga anali atapeza ulonda pachipata cha mgodi ndipo masiku ambiri sankakhala pakhomo, pomwe oyendera nyumba aja ankabwera osanena. Munthu wina anayenera kupezeka pakhomo, ndipo munthuyo ndinali ine. Ndinakhala kulondera khoma la nambala yofiira, ndikudziuza kuti ndikuchitira mwana wanga.

Zaka zisanu za a deputadu zinatha, nambala ija inasuluka ndi dzuwa. Iye anali atasamukira kutsidya kwa Zambezi, mumzinda, kumene amayanika zovala zoyera panja. Anatulukira kampanya itayamba, m'galimoto ya magalasi otseka, nkhope itasalala.

"Alamu, nkhani yanu ili ku komisau, bungwe loona zosamutsa anthu, ikuyenda bwino," anatero asanakhale n'komwe pansi. Kenako anayang'ana pamphasa. "Muli nawo uja?"

Ndinamupatsa. Anaunyamula ku Malabwe, ku Mithete, ku Chipanga, paliponse pamene panali anthu otsokomola. Ufa wanga unayenda kuposa mwini wake. Anthu pamsika anayamba kunditchula mayi wa ufa, ndipo ine ndinkamva kukoma, ndinkaganiza kuti dzina likamveka nyumba ifulumira. Analowanso kachiwiri.

Kumapeto kwa mwezi ndikapeza ya shapa ndinkakwera kukamuona mwana, ndikapanda kupeza ndinkakhala. Ndinkamupeza watalika, tsitsi lolukidwa ndi manja a wina, akuimba nyimbo za kutchalitchi zimene ine sindinamuphunzitse. Mano ake a ubwana anagwa ine kulibe. Tchuthi china ndinamutenga kuti adzaone kwawo. Sanathe masiku, chifuwa chija chinayambanso kulira, milomo ikuda. Ndinamubweza ndikutukwana msewu wonse, ndipo anthu m'shapa ankaganiza kuti ndayamba misala.

Chisankho chachitatu chikuyandikira tinamva kuti komisau ija, imene ndinkaiyesa nthano, ikubweradi kudzaona ndi maso ngati bairo lathu liyenera kusamuka. Tinamvanso zina. Magalimoto a matanki amene ankathira madzi mumsewu wa mgodi kuti fumbi lisabuke anali a deputadu athu. Fumbi lomwe linamulowetsa m'nyumba ya malamulo linali litamupatsanso ntchito yolinyowetsa. Bairo likasamuka, angathirire msewu wa yani?

Sabata imeneyo mgodi unakhala chete. Sanaphulitse ngakhale kamodzi, ndipo matanki ankadutsa mpaka nkhuku zinkaterereka m'matope. M'mawa wa tsiku la alendo iye anabwera yekha pakhomo, woyendetsa galimoto yake ali pambuyo ndi thumba pamapewa. Analitsegula. Unali ufa woyera mbee, ndipo ndinaudziwa ndi fungo kuti ndi wa kumapiri kwathu.

"Alamu, anulani wanuwo, muyanike uwu," anatero. "Alendo adutsa pano."

"Chifukwa?"

"Ndale simukuzidziwa, alamu. Akaona wakuda akalemba kuti mgodi uime. Ukaima, achimwene anga akalondera chiyani? Mudya chiyani? Nkhani ya nyumba tiiyendetsa mwakachetechete, ine ndilipo."

"Mwakhalapo zaka khumi, alamu. Mwana wanga ali kuti?"

"Mwana ali bwino kwa achemwali anu, si akupuma?"

Ndinamuuza kuti atenge thumba lake achoke ndisanaiwale kuti anakulira limodzi ndi bambo a pakhomo pano. Sanakwiye. Anangoseka pang'ono, n'kulowa pakhomo loyandikana nalo. Mayi wa pamenepo sindimuimba mlandu, ali ndi ana ambiri ndipo thumba la ufa ndi thumba la ufa. Ndinamuona akuyala mphasa.

Alendo anafika dzuwa litakwera, amuna ndi akazi ovala bwino, mabotolo a madzi m'manja. A deputadu anawadutsitsa njira ya kuseri kuti asaponde pakhomo panga. Ndinawamva akuyamikira kuyera kwa ufa wa mnzanga, umene unali usanathe n'komwe theka la tsiku padzuwa. Ndinatapa wanga m'lichero, ndinadutsa pampanda, n'kukaima pakati pawo. Ndinatukula lichero lija kuti aone. Chipwitikizi changa ndi cha pamsika, koma ndinanena zonse: kuti ufa wa pamphasawo wabwera pagalimoto m'mawa womwewo, kuti wathu weniweni ndi uwu, kuti mwana wanga akukulira kwa eni chifukwa pano sangapume.

Iye anandisiya ndimalize. Kenako anandigwira phewa mwaulemu, akumwetulira.

"Awa ndi alamu anga, mayi wa ufa amene munkamumva uja," anauza alendo. "Ufa uwu ndimaudziwa, ndinaunyamula ndekha pa kampanya yoyamba. Amausunga m'nyumba mpaka lero, akamva kuti kwabwera alendo amautulutsa. Anavutika kale mayiwa, tiwamvetse."

Anaseka. Sanaseke mwachipongwe ayi, anaseka mondimvera chisoni, ndipo zimenezo n'zimene zimandiwotcha mpaka lero. Ndinati aununkhize, aulawe, ufa wa zaka khumi sungakhale wopanda anankafumbwe ndi fungo. Palibe anaugwira. Mayi wina anandisisita pamkono n'kundipatsa botolo lake la madzi, ndipo anapitiriza ulendo. Ndinatsala pamenepo ndi lichero, anansi anga akuyang'ana pansi. Munthu amene ndinamupatsa umboni wanga kawiri ndi manja anga anausandutsa bodza ndi mawu ochepa, osatuluka n'thukuta lomwe.

Yankho tinalimva kwa sekeretariyu wa bairo. Fumbi lachepa, anatero, kuthira madzi kukuthandiza, kusamuka kwaimitsidwa. Manambala aja analibenso ntchito. Mwamuna wanga anangoti, "Ukanangoyanika, mwina akanatikumbukira." Sindinamuyankhule mpaka mwezi unatha.

Tsiku lovota ndinadzuka ndi mkwiyo ndipo ndinakaima pamzere nawo. Amayi ambiri a m'bairo mwathu anali ngati ine, sitinabisirane. Madzulo powerenga, pasukulu pathu pomwe ankaphunzitsa paja, chipani chake chinagwa. Koma kuno sitivotera munthu, timavotera chipani, ndipo chipani ndicho chimasanja mayina a olowa. Lake linali litakwera pamwamba. Mavoti a kumadera ena, kumene sanamuonepo nkhope, anamunyamula n'kumulowetsa kachitatu. Tilibe njira yomuchotsera munthu ameneyu. Tikhoza kumukana bairo lonse, iye n'kudzatithokoza pawailesi chifukwa cha chikhulupiriro chathu, ndipo anathokozadi.

Zitatha izi ndinakwera shapa kupita ku Zóbuè. Msewu wonse ndinkakonza mawu omuuzira mwana wanga kuti nyumba imene ndinkamulonjeza ulendo uliwonse kulibe, ndipo sikudzakhala. Ndinkaopa kuti alira. Ndinkaganiza zomupepesa nazo.

Ndinamupeza pakhonde akusenda mbatata, mtsikana wamkulu, wa msinkhu wanga. Anaimirira, anandilandira chikwama, anandiyalira mphasa, n'kugwada kundipatsa moni mwaulemu wonse umene mkulu wanga anamuphunzitsa. Kenako anatembenukira kudimba n'kuitana.

"Amayi, bwerani. Abwera amayi aang'ono a ku Moatize."

Umu ndi mmene ana a mkulu wanga amanditchulira, ndipo kwa iwo n'zoona. Iye sanazindikire n'komwe kuti wanena chiyani. Anabwerera pa mbatata zake, akundifunsa za ulendo ndi za bambo ake. Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka, ndikudikira kuti afunse za nyumba kuti ndimuuze. Sanafunse.