Malaya a Zatha

Mayi Eness Kamtedza anagwira ntchito yotayipa makalata m'boma zaka makumi atatu. Atapuma anati zala zawo zatopa ndi mawu a eni, ndipo anayamba kulemba mabuku awoawo m'nyumba mwawo ku Kawale. Awiri anali atatuluka kale. Buku lachitatu osindikiza ankalifuna Lachisanu, koma mutu womaliza unali usanalembedwe.

Ankakhala ndi agalu awiri, Alekeni ndi Zatha. M'mawa ankawaphikira madeya osakaniza ndi mitu ya usipa, kenako n'kukhala pa kompyuta mpaka masana. Akadya ankapita pakhonde la mnzawo Hafsah, telala wa pafupi ndi msika, kukawawerengera zimene alemba. Hafsah ankamvetsera akupalasa makina, ndipo makinawo akaima, Eness ankadziwa kuti penapake palakwika. Agalu ankatsala tsidya la msewu, pakuti Hafsah, monga Msilamu, sankafuna galu pafupi ndi nsalu zawo.

Lachiwiri m'mawa njinga yamoto ya kabaza inagunda Zatha pageti n'kumung'amba m'nthiti. Eness anamugoneka m'wilibala, n'kukankha okha mpaka kwa dokotala wa ziweto. Dokotalayo anasoka balalo ndi kuwachenjeza kuti galuyo asalinyambite. Tsikulo linatha osalemba ngakhale mzere umodzi.

Lachitatu anayesa kutayipa ndi dzanja limodzi, linalo atagwira mutu wa galu. Sizinayende. Mkonzi wa bukulo, Bambo Flywell, anaimba foni kuti amve pamene afika.

"Amayi, ngati zavuta tingolisunthira chaka chamawa," anatero.

"Ndinanena Lachisanu, ndipo lifika Lachisanu," anayankha Eness.

Cha m'ma folo anamva odi. Anali Hafsah, amene chiyambire ubwenzi wawo anali asanapondepo pakhomopo. Anaima kunja kwa mpanda n'kuwapatsira tepi yoyezera.

"Masiku awiri simunabwere, nkhani ndamva kumsika. Muyezeni nokha, ine ndizilemba. Khosi, chifuwa, msana."

Lachinayi m'mawa Hafsah anabweranso ndi kamalaya kosokedwa ndi zotsala za yunifolomu ya sukulu, kokhala ndi mabatani kumsana. Zatha atavekedwa anayesa kufikira balalo, analephera, n'kugona. Manja onse awiri a Eness anamasuka. Pofika masana mutu womaliza unali utatha, ndipo anathamangira nawo kukhonde kuja.

Bukulo linali lonena za mayi amene mwamuna wake anapita ku Joni n'kusowa zaka khumi ndi zisanu. M'mutu womalizawo mwamunayo anabwera, mkaziyo n'kumulandira akulira. Eness asanafike kumapeto, makina anaima.

"Bodza limenelo," anatero Hafsah. "Mayi ameneyu ndakhala naye miyezi isanu ndi itatu pakhonde pano. Walera ana yekha, wamanga nyumba yekha. Angatsegule chitseko tsiku lomwelo?"

"Anzanga, Lachisanu ndi mawa!"

"Ndiye kuti lero muli nalo."

Eness anachoka osatsanzika. Panjira ankang'ung'udza kuti telala adziwa chiyani za mabuku, koma pofika pageti anali atavomera mumtima kuti anamaliza choncho chifukwa chotopa. Kunyumba anapeza magetsi atazima. Anatenga kope ndi bolopeni, anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, n'kuyambiranso. Ulendo uno mkaziyo anamutulutsira mwamunayo mpando panja, anamupatsa madzi akumwa, n'kumufunsa mayina a ana ake. Dzina la wamng'ono linamuthawa mwamunayo.

Magetsi anabwera Lachisanu cha m'ma teni. Eness anatayipa masamba khumi ndi anayi osadzuka, osadya, Alekeni akukanda chitseko chifukwa cha njala. Anatumiza bukulo kutatsala mphindi makumi awiri kuti maofesi atseke, kenako anagona pamphasa msana ukuwawa ngati amalima.

Lolemba Bambo Flywell anaimbanso. Anati mapeto awakonda kwambiri, koma bukulo latalika, ndipo pafunika kuchotsa masamba makumi anayi pasanathe milungu iwiri.

"Makumi anayi?" anafunsa Eness. "Chabwino. Koma ochotsawo ndisankha ndine."

Anasola pensulo, n'kutsegula tsamba loyamba.